Mwana Amene Ndinamuphunzitsa Atatenga Kalasi Yanga

Ndinaphunzitsa sivikisi kwa zaka zoposa khumi pasukulu ina ya kumidzi m'boma la Chongwe, cha ku Nkomeshya. Sivikisi ndi phunziro la kayendetsedwe ka dziko: boma ndi chiyani, malamulo amapangidwa bwanji, nzika iyenera kuchita chiyani. Zaka zonsezo dziko linali la chipani chimodzi, ndipo ntchito yanga inali yosavuta. Ndinkalemba pabolodi, ana ankakopera, ndikafunsa ankayankha monga momwe ndinalembera. Mayeso ankakhoza. Makolo akandipeza kuchigayo ankandipatsa ulemu, ena ankanditumizira maungu ndi mbatata. Ndinkadziona kuti ndine mphunzitsi wabwino, ndipo mpaka lero sindinena kuti ndinali woipa.

Chitapita chisankho cha zipani zambiri, chaka chija cha chilala pamene tinkadya chimanga chachikasu, ahedi anandiitana muofesi yawo. Anali bambo wachikulire, wofatsa, wongodikira kupuma pantchito, wosafuna mkangano ndi munthu aliyense. Anati kukubwera mphunzitsi watsopano wochokera kukoleji, waphunzira silabasi yatsopano, choncho sivikisi ya giredi naini atenga ndi iyeyo. Ine anandipatsa masamu a giredi eiti ndi zosokasoka za atsikana.

"Mupumuleko, Madamu," anatero. "Mwagwira nchito zaka zambiri."

Sindinapemphe kupuma. Koma ndinangoti zikomo, ndinatuluka.

Lolemba lotsatira mphunzitsiyo anafika panjinga, atamanga chikwama ndi matiresi kumbuyo, thalauzi atalipinda m'masokosi kuopa tcheni. Atangotsika ndinamuzindikira. Anali mwana wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene ndinamuphunzitsa ali giredi seveni, wamakutu aakulu, wobwera kusukulu wopanda nsapato. Ndinkamukumbukira bwino chifukwa cha tsiku lina pamene ndinkafotokoza za kuvota. Masiku amenewo papepala la voti ya pulezidenti pankakhala munthu mmodzi yekha, ndipo wosamufuna ankachonga pachithunzi cha chule. Mwanayo anakweza dzanja nafunsa kuti, kodi chule akawina ndani adzalamulira? Kalasi yonse inaseka. Ine ndinachita mantha, chifukwa m'kalasimo munali ana a atcheyamani a chipani. Ndinamutulutsa, ndinamupatsa chikwakwa, anatchetcha udzu mpaka nthawi yoweruka.

Tsopano anali ataima patsogolo panga, atavala tayi, akuwerama ndi kuomba m'manja.

"Ba Madamu, muli bwanji? Munikumbukira?"

Pakamwa panga panabwera "iwe", koma ndinabweza. Munthu ali ndi satifiketi ngati yanga, pamaso pa ana sungamutchule choncho.

"Nikukumbukirani, aphunzitsi. Mwakula."

Mawu akuti aphunzitsi anandilemera ngati ndasenza mwala.

Makalasi athu analibe siling'i. Khoma linkalekera m'munsi mwa malata, kotero zonse za kalasi yoyandikana nayo zinkamveka. Ine ndinali giredi eiti, iye giredi naini, khoma limodzi pakati pathu. Sabata yoyamba ndinamva madesiki akukokedwa. Kenaka mawu ake: "Tikambe tere. Wapolisi wafika panyumba panu, afuna kulowa kuti asechemo, alibe pepala lililonse. Mumulola?" Wina anati inde, ni boma. Wina anati iyayi. Posakhalitsa ana onse ankalankhula, ena m'Chinyanja, ena m'Chisoli, Chingerezi chikungolowa apo ndi apo, iye akuseka ndi kuwaletsa kuti azilankhula mmodzimmodzi.

Ana anga a masamu anasiya kundiyang'ana. Mitu yawo inapendekera kukhoma. Ndinamenya tebulo ndi rula, anabwerera kwa ine, koma maso awo okha.

Ndinkadziuza kuti chikundipweteka ndi phokoso. Koma tsiku lina ndinapatsa ana ntchito, ndinatuluka ngati ndikupita kukatenga choko, ndinaima pambali pa zenera lake. Anali atagawa kalasi pawiri, magulu akuyang'anizana. Mtsikana wina amene kwa ine sanatsegulepo pakamwa chaka chonse anali ataimirira, akuloza mnzake ndi bolopeni, akunena kuti ngati nyuzipepala yanama, aiyankhe, osati aitseke. Mphunzitsiyo anakhala pawindo la mbali ina, miyendo ili lendelende, osalemba kanthu pabolodi. Kenaka anati, "Manje sinthanani. Amene munali kukana, muvomere." Ana anakuwa kudandaula, koma anasinthana, ndipo mtsikana uja anayamba kugwetsa mfundo zake zomwe ndi mphamvu yomweyo.

Ndinabwerera m'kalasi mwanga choko ndilibe.

Chimene chinakulitsa zinthu n'chakuti mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, anali m'giredi naini momwemo. Anali mwana wachete, wokonda kuwerenga, ndipo kuyambira ali wamng'ono chilichonse chosamveka ankafunsa ine. Miyezi iwiri isanathe, m'nyumba mwathu munalowa mawu atsopano: "Ba Sa anakamba." Tikusadzula ndiwo, ba Sa anakamba kuti munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa mlandu wake. Tikuchapa kuchitsime, ba Sa anakamba kuti ngakhale pulezidenti ali pansi pa lamulo. Bambo ake, omwe ndi mlimi wosakonda zolankhulalankhula, ankangomwetulira n'kunena kuti m'nyumba muno mwabadwa loya.

Tsiku lina tikutola miyala munyemba pakhonde, ndinalephera kupirira.

"Zonse izo zili m'mabuku," ndinatero. "Nakhala niphunzitsa zimenezo iwe usanayambe na sukulu."

"Inde, Amama. Koma imwe munali kungotilembetsa manotsi."

Sanatero mwachipongwe. Ananena ngati munthu akunena kuti kunja kwachita mitambo, maso ali pa nyemba. Chikhala anachita mwano, bwenzi ndinamukalipira nkhani n'kutha. Ndinangopitiriza kutola miyala, ina ndikutaya nyemba zabwinobwino.

Patapita masiku ndinamuona nthawi yopuma ataima ndi anzake awiri pakhomo la sitafurumu, akudikira mphunzitsiyo ndi funso. Ine ndinali momwemo, ndikumwa tiyi. Anandipatsa moni mwaulemu, nadutsa ndi funso lake kwa wina. Linali funso la kusiyana kwa khoti laling'ono ndi khoti lalikulu, chinthu chimene ndikanamuyankha ndili m'tulo.

Mawa lake ndinapita kwa ahedi. Sindinanene kuti ndikuchita nsanje. Ndani anganene zimenezo? Ndinapita ndi nkhani zomveka bwino. Ndinati kalasi ya giredi naini ikusokoneza makalasi ena ndi phokoso. Ndinati ana akulankhula zinenero za kumudzi pomwe mayeso ndi a Chingerezi. Ndinati m'makope mwawo mulibe manotsi okwanira. Pomaliza ndinatsitsa mawu, ndinati ana akuphunzitsidwa ndale, ndipo tsiku lina nkhani idzafika kuboma, wofunsidwa adzakhala mkulu wa sukulu. Ndinkadziwa pamene ahedi ankaopa, ndipo ndinakhudza pomwepo.

Ndinkayembekezera kuti amuitana payekha. Koma anatuma mwana nthawi yomweyo, ine ndili chikhalire. Mphunzitsiyo analowa, manja ali mbuu ndi choko, ndipo ahedi anabwereza zonse, akuyamba chiganizo chilichonse ndi "Madamu akuti". Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma.

Iye anamvetsera mpaka kumapeto. Za phokoso anapepesa, anati azipita nawo pansi pa mtengo wa mkuyu. Za manotsi anavomera kuti awonjezera. Za ndale anati sanatchulepo chipani chilichonse m'kalasi, ndipo zonse zimene amakamba zili m'silabasi. Kenaka anati ngati pali mantha, bwanji makolo abwere adzaone okha. Pachitike dibeti Lachisanu lina masana, ana atsutsane poyera pamutu umodzi: kodi apolisi akhale ndi mphamvu yoletsa msonkhano wa anthu ngati akuganiza kuti pangabuke chisokonezo?

"Vuto n'lakuti ana onse afuna mbali yokana," anatero. "Mbali ya boma ifunika munthu woidziwa bwino kuti awakonzekeretse. Ba Madamu, mungatithandize?"

Ndinamva ngati akuti, inu ndinu a kale, a chikwapu, mbali ya apolisi ndi yanu. Mwina sankatanthauza zimenezo. Pankhope pake panalibe chinyengo, ndipo chimenecho chinandikwiyitsa kwambiri.

"Nizachita," ndinayankha. Mumtima ndinati, ndikuonetsa kuti choko ndinayamba kugwira iwe ukudya dothi.

Anandipatsa ana atatu amene anagwera mbali ya boma pochita maere: mnyamata wamtali amene ankabwereza giredi, mtsikana wina amene mayi ake ankagulitsa vitumbuwa pamsewu, ndi mtsikana uja wa bolopeni. Mwana wanga anagwera mbali yokana, ndipo anasankhidwa kukhala wolankhula womaliza. Tinali ndi masabata awiri.

Tsiku loyamba ana atatuwo anabwera m'chipinda chosokera nkhope zili zogwa, ngati atumidwa kukakumba dzenje la zinyalala. Ndinayamba monga mwa chizolowezi changa, kulemba mfundo pabolodi. Anakopera. Nditawauza kuti alankhule, anawerenga zimene anakopera, mawu ali ozizira ngati phala la dzulo. Ndinaona kuti tikapita tero tikagwa.

Tsiku lachiwiri sindinalembe kanthu. Ndinakhala pampando wa makina osokera, ndinawauza zimene ndinaona ndi maso anga. Ndinawauza za masiku a nkhondo ya m'maiko a kummwera kwathu, pamene ndege zachilendo zinkadutsa ndipo mlatho unaphulitsidwa, ife tikuphunzitsa ana kugona pansi akamva kulira kwa ndege. Nthawi imeneyo pamsewu panali marodibuloko, asilikali ankatitsitsa m'basi kutifunsa mareji, ziphaso zathu za unzika, ndipo tinkadandaula, komabe tikawaona tinkamva kuti pali wina amene sakugona chifukwa cha ife. Ndinawauzanso za msuweni wanga amene anali ndi kantemba, kasitolo kakang'ono ka m'mbali mwa msewu, ku Lusaka. Pamene anthu anakwiya ndi mtengo wa unga n'kudzaza m'misewu, kantemba kake kanaphwanyidwa ndi anthu omwewo amene ankati akumenyera osauka. Iye sanakweze mtengo wa unga. Anabwerera kwathu ku Chipata ndi chikwama chimodzi.

Mtsikana wa vitumbuwa anati, "Nanga amama anga, chigulu chikabwera pamsewu, beseni yawo azaiteteza ndani?"

"Limenelo ndiye funso lako," ndinatero. "Usalembe. Ukafunse momwemo."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda. Ndinkawatsutsa ine, iwo akuyankha. Ndinkawakola, akudzimasula. Tsiku lina mnyamata wamtali uja anandidula mawu, nati, "Iyayi Madamu, apo mwalakwa," ndipo anali wolondola, ndipo ndinaseka. Ndikutseka chitseko madzulo amenewo ndinazindikira kuti kwa zaka zonse zija sindinasangalalepo ndi phunziro langa monga masiku ochepawa. Kuzindikira kumeneku sikunandifewetse mtima. Kunandiwawa. Ndinaganiza kuti mphunzitsi watsopanoyu amadya zokoma zimenezi tsiku ndi tsiku, wangofika nazo pa nthawi yabwino pamene munthu angalankhule osayang'ana kumbuyo. Ine unyamata wanga wonse wa uphunzitsi unathera m'kuyeza mawu, kuopa ana a atcheyamani. Akanabadwa zaka zanga, akanatchetcha udzu mpaka kukalamba kapena akanatsekeredwa. Ndikanabadwa zaka zake, kodi sindikanamuposa?

Kunyumba ine ndi mwana wanga sitinkakamba za dibeti. Iye ankapita kuseri kwa nkhokwe ndi kope lake lachikuto chobiriwira, n'kumalankhula yekha motsitsa mawu, nkhuku zikumuyang'ana. Ndikayandikira ankatseka kope n'kumwetulira. "Musamve, Amama, ndimwe adani athu." Ankanena moseka. Ine ndinkasekanso.

Loweruka lotsiriza dibeti isanachitike, anapita kutchalitchi cha ku mishoni kukayeserera nyimbo za kwaya. Ndikusesa m'chipinda chake ndinaona kope lija pansi pa pilo, ngodya yake ikuonekera. Ndinasesa chipinda chonse, ndinatuluka, ndinataya zinyalala. Kenaka ndinabwerera.

Munali mfundo zisanu, zolembedwa ndi dzanja lake laudongo limene ndinamuphunzitsa ine. M'mbali munali timawu ta inki yofiira ta mphunzitsi wake: apa wonjezera, apa wachita bwino kwambiri. Mfundo yomaliza, imene anaisunga kuti amalizire nayo, inali yochokera m'mudzi mwathu. Chaka chathacho amayi a m'midzi itatu anasonkhana pamjigo umene unakhala wowonongeka miyezi yambiri, anagwirizana zopita kukadandaula, ndipo mjigowo unakonzedwa. Mwana wanga analemba kuti: wapolisi akanati msonkhano umenewo ungabweretse chisokonezo, bwenzi mpaka lero tikumwa madzi a padambo pamodzi ndi ng'ombe. Inali mfundo yabwino. Ndinaiwerenga kawiri, ndinanyadira, ndinaona "wachita bwino kwambiri" wofiira uja, ndinabweza kope pansi pa pilo monga momwe linalili.

Lolemba ndinauza ana anga atatu kuti mwina anzawo angatchule nkhani ya mjigo. Ndinanena ngati zangondibwerera m'mutu. Tinakonza yankho, ndipo ndinauza mnyamata wamtali, yemwe anayenera kulankhula mwana wanga asanaimirire, kuti asadikire, aitchule yekha poyamba.

Lachisanu anthu anabwera ambiri kuposa momwe tinkaganizira. Njinga zinatsamira pamkuyu mbali zonse. Amayi anayala zitenje pansi, abambo anakhala pamadesiki amene ana anatulutsa. Oweruza anali atatu: ahedi, asisitere a ku mishoni amene ankayang'anira kachipatala, ndi mlangizi wa zaulimi. Anagwirizana kuti mwana aliyense ayambe m'Chingerezi, kenaka afotokoze m'Chinyanja kuti makolo amve.

Mbali yokana inayamba bwino. Mwana wina anati m'masiku a chipani chimodzi anthu ankaopa ngakhale kuima atatu pasitolo, ndipo madala ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mtsikana wanga wa vitumbuwa anaimirira nafunsa funso lake la beseni, ndipo amayi ogulitsa pamsewu anaimba nthungululu. Ndinayang'ana mphunzitsi uja kuti ndione ngati zamulasa. Ankaomba m'manja kuposa wina aliyense.

Kenaka mnyamata wamtali anaimirira. Anati, "Anzathu awa mwina azakuuzani za amayi amene anasonkhana pamjigo. Azakamba kuti wapolisi akanawaletsa, sembe tikumwa madzi na ng'ombe." Anthu anaseka. Iye anapitiriza kuti amayi a pamjigo sanatenge miyala, sanatseke msewu, ndipo palibe wapolisi wanzeru akanawaletsa. Mphamvu imene tikukamba ndi ya tsiku limene anthu abwera ndi miyala, ndipo tsiku limenelo simungayambe kufunafuna lamulo moto utayaka kale.

Sindinamuuze kuti anene za ng'ombe. Kapena ndinamuuza, sindikumbukira bwino. Mwina mawuwo anandipulumuka pokonzekera. Koma atangotchula ng'ombe, mwana wanga anatembenuka. Sanayang'ane mnyamatayo. Anayang'ana ine.

Nthawi yake itakwana anaimirira, kope lili m'manja, osalitsegula. Kenaka anati, "Mnzanga wakamba kuti wapolisi wanzeru sangaletse amayi. Nanga tikapeza wosakhala wanzeru? Nanga ngati amene analephera kukonza mjigo ni mnzake wa wapolisiyo? Lamulo silifunsa kuti wapolisi ni wanzeru kapena iyayi. Limupatsa chabe mphamvu." Zimenezi munalibe m'kope. Anazipeza ali chiimire, pamaso pa anthu onsewo. Ena anaomba m'manja, koma pambuyo pake anasokonezeka, anabwereza mfundo imene mnzake anali atanena kale, ndipo nthawi inamuthera asanamalize. Pokhala pansi anayang'ana kwa mphunzitsi wake, iye anamugwedezera mutu kuti wachita bwino, nkhope ya mwanayo inamasuka pang'ono.

Kuyang'ana kumeneko ndi kumene ndinapita nako kunyumba, osati chigamulo. Oweruza awiri anapatsa mbali ya boma, asisitere anapatsa mbali yokana. Tinapambana. Ana anga atatu analumphalumpha, anandigwira manja. Mphunzitsiyo anabwera, anawerama monga mwa masiku onse.

"Ba Madamu, mwatiphunzitsa lero. Funso lija la beseni, ine sinikanaliganiza."

Ananena zochokera pansi pa mtima. Ndinafunafuna kachiphuphu ka mkwiyo pankhope pake, sindinakapeze. Ndipo makolo pobalalika anapita kwa iye. Anamuzungulira, akumugwira chanza, akuti mwana wa kwathu watsegula ana athu pakamwa. Bambo wina amene mwana wake anali m'gulu langa lopambana anandidutsa ndi moni wachidule, napita kukathokoza iyeyo. Ahedi, amene masabata awiri apitawo ankanjenjemera, ankauza mlangizi wa zaulimi kuti sukulu yawo ndi ya patsogolo.

Mwana wanga anatsogola yekha kupita kunyumba. Ndinamupeza akutsuka mbale kuseri, dzuwa lisanalowe. Sanadzutse mutu.

"Amama, munawerenga kope langa."

Ndikanatha kukana. Nkhani ya mjigo inali yodziwika m'mudzi monse. Koma ng'ombe zija zinali zake.

"Linali m'nyumba mwanga," ndinatero. "Ndine mayi wako. Palibe chinthu m'nyumba muno chimene siningaone."

"Mukananipempha sembe ninakuonetsani pambuyo pa dibeti. Ninali kufuna mukamve pamene nikamba."

Anatsanulira madzi akuda pamaluwa, anatenga mbale, analowa m'nyumba. Sanalire, sanawauze bambo ake. Ine ndinatsala panja, ndili ndi mawu ambiri okonzeka onena za ulemu ndi za amene anamubereka, koma wowauza panalibe. Mawu oti pepa sanatuluke tsiku limenelo. Anatuluka patapita zaka, iye ali ndi ana ake, ndipo anaseka nati anaiwala kale. Sindikhulupirira kuti anaiwala, chifukwa kuyambira sabata imeneyo makope ake ankagona kusukulu, m'desiki.

Sindidziwa ngati anamuuza mphunzitsi wake. Iye sanasinthe kanthu kwa ine. Ankandipatsabe mpando m'sitafurumu, ankandifunsa nzeru za makolo ovuta ndi za kalembedwe ka malipoti. Madibeti anapitirira, kamodzi patemu, ndipo nthawi zonse ankandipempha kuti nditenge mbali imodzi. Ndinkavomera. Kope la munthu sindinatsegulenso. Nthawi zina tinkapambana, nthawi zambiri ankapambana ndi iye. Chaka chimenecho ana anakhoza sivikisi monga momwe ankakhozera kwa ine, osaposa, osachepera, ndipo ndikuvomera kuti ndinawerenga zotsatirazo ndikufunafuna kuti mwina atsika.

Mwana wanga anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Makalata ake kwa ine anali aafupi: ali bwino, sopo watha, moni kwa atate. Kwa mphunzitsi wake ankalemba masamba atatu, za kalabu ya dibeti imene analowa, za mitu imene anapatsidwa, kupempha maganizo. Ndinkadziwa chifukwa iye ankabwera nawo m'sitafurumu mosangalala. "Ba Madamu, mwana wanu walemba, awina sukulu ya m'tauni!" Ankaganiza kuti akundisangalatsa. Ndinkamwetulira n'kunena kuti Mulungu ngwabwino.

Mphunzitsiyo anakhala nafe zaka zinayi. Kenaka anapeza malo oti akapitirize maphunziro ku Lusaka. Paphwando lotsanzikana, poti ndinali wamkulu pa aphunzitsi onse, anandisankha kuti ndilankhule. Ndinakonza mawu aulemu wamba, oti anali wolimbikira ndi wosunga nthawi. Nditaimirira ndi kuona ana atadzaza bwalo, ena akulira, ndinasiya pepala. Ndinati mphunzitsi uyu wachita chinthu chimene ine sindinachite: waphunzitsa ana athu kufunsa amene ali ndi mphamvu popanda kutukwana ndi popanda kunjenjemera, ndi kumvetsera munthu amene sakugwirizana naye mpaka amalize. Zinali zoona, ndipo kuzinena pagulu kunandipweteka ngati kuzula dzino. Anthu anaomba m'manja. Ena anati ndalankhula ngati mayi wonyadira mwana wake. Ndinawasiya aganize choncho.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, akudikira vaneti yomutengera kumsewu waukulu, anafika pakhomo panga atanyamula katoni ya sopo yomanga ndi luzi.

"Ba Madamu, ahedi akamba kuti sivikisi ibwerera kwa imwe. Izi ni nkhani zimene ninali kudula m'manyuzipepala, za makhoti, za apolisi, za misonkhano. Ana amakonda kuyambira pa nkhani yeniyeni. Zingakuthandizeni."

Ndinathokoza. Ndinamupatsa nkhuku ya paulendo, ndinamufunira zabwino, vaneti inanyamuka. Katoniyo ndinakaiika m'kabati ya m'chipinda chosokera, pansi penipeni, ndipo temu yonse sindinaimasule. Ndinkati ndili ndi nkhani zanga, sindifuna zotsala za mwana. Ndinaphunzitsa ndi zanga zomwezo, za mlatho ndi za kantemba, mpaka ana anayamba kuzimaliza okha ndisanafike pakati.

Mvula itayamba ndinatsegula kabati kufuna ulusi, ndinaona dothi la chiswe litakwera m'mbali mwa katoni. Ndinaitulutsa panja, ndinadula luzi. Za pansi zonse zinali zitasanduka dothi. Za pamwamba zinatsala, chilichonse atachimata papepala la m'kope, pansi pake atalemba funso limodzi ndi pensulo. Ndinazikung'untha, ndinaziyanika pakhonde n'kuzitsendereza ndi miyala kuti zisauluke. Ndinakhala pamenepo masana onse ndikuziwerenga chimodzichimodzi, ndipo mafunso ena ndinawakonza, chifukwa anali aatali kwambiri kwa ana a giredi naini.